Nkhani ya M'tauni: Galimoto Zikusintha Mtundu Osapopera Penti

Amene akufuna kumva zimene tauni ikukamba apite pa mzere wa mafuta. Pamenepo ndale zimakambidwa mpaka kutha, mpira mpaka kutha, mtengo wa thumba la chimanga mpaka kutha, ndipo pakamwa pakauma maso amayamba kuyendera galimoto za anzako. Kale panalibe chodyetsa maso: Vitz yoyera, Passo yasiliva, Sienta yasiliva, Note yoyera, mpaka kumapeto kwa mzere. Koma tsopano mu Lilongwe ndi mu Blantyre mwalowa zachilendo. Mupeza galimoto yobiriwira mwachisilikali, ina yakuda bii koma yosanyezimira, ina ya mtundu wa simenti, ndiye pali ina imene ikamabwera imaoneka yapepo koma ikangokudutsa yasanduka yabuluu. Eni ake akulumbira kuti sanapopere penti ngakhale dontho. Akuti ndi wrap, pepala lapulasitiki lomata limene amisiri akumakuta nalo galimoto yonse, ndipo tsiku limene watopa nalo umangolimatula, mtundu wakale n'kubwerera.

Nkhaniyi yagawa anthu, ndipo ine ikundisangalatsa chifukwa aliyense amene akulankhulapo wagwirako mbali ina yoona. Oyamba ndi madala athu okayikira. Wina, bambo wopuma pantchito, anaizungulira kawiri galimoto yobiriwira ija, manja ali kumbuyo, kenako n'kufunsa mwini wake: "Mwana wanga, ukunena kuti chonsechi ndi sitika?" Mnyamatayo atavomera, madalawo anawerama pachitseko n'kuyamba kufufuza m'mphepete ndi chikhadabo kuti apeze pamene pepala lathera. Mnyamata uja anachita kudumpha: "Pepani bambo, pamenepo pokha ayi!" Anthu anafa nalo phwete.

Komatu madalawo sanalakwitse. Ndi sitika ndithu, kungoti ndi yopangidwira ntchito imeneyi. Pepalali ndi la PVC, lopyapyala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo limabwera m'mipukutu yotambalala mamita 1.52, kukula kokwanira boneti kapena denga popanda kulumikiza. Galimoto yaing'ono imadya mamita pafupifupi 15, pamene Prado imapitirira 20. Kumbuyo kwa pepalalo kuli guluu amene sagwiriratu mpaka utamutsindika, kotero mmisiri akhoza kuyala, kuzula n'kuyalanso mpaka litakhala bwino. M'guluu momwemo muli timizere ting'onoting'ono totulutsira mpweya. Timizere timeneti ndi timene timalisiyanitsa ndi masitika a kumbuyo kwa minibasi aja, amene pakangopita mwezi amakhala atatuluka matuza.

Ku saluni nkhaniyi anaimaliza mwachidule. Mayi wina, mutu uli m'chowumitsira tsitsi, anati palibe chachilendo apa, azimayi akhala akuchita zimenezi chaka chilichonse sukulu zikamatsegulira, kukuta makope a ana ndi pulasitiki. "Azibambo angotibera nzeru n'kuikweza mtengo, asisi." Anzake anaseka, koma fanizolo ndi lokhoza. Wokuta mosamala amapinda ngodya bwinobwino, kope n'kutha chaka lili lowala, pamene wokuta mothamanga pofika Lachisanu m'mphepete mwayamba kale kutukuka. Ndipo kope limene linang'ambika kale, ulikute chotani, pong'ambikapo pamaonekabe.

Achinyamata amene akukonda zimenezi ali ndi mfundo imene ine ndimaimvetsa. Ambiri a ife mtundu wa galimoto sitinasankhe. Galimoto zathu zambiri ndi zoyendapo kale zochokera ku Japan. Umakhala pa foni usiku kuyang'ana mtengo, chaka, makilomita amene yayenda, n'kuwerengera msonkho wa ku MRA, ndipo ikatsika pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, mtundu umene yabwera nawo ndi womwewo. Ku Japan anthu amakonda kugula zoyera, zasiliva ndi zakuda, ndiye ife timalandira zimene iwo anasankha zaka zambiri zapitazo. N'chifukwa chake poimika galimoto pa Chichiri kapena pa Gateway munthu amatha kulimbana ndi chitseko cha Vitz ya eni ake mpaka alonda kumuyandikira. Mtsikana wina wogwira ntchito ku City Centre akuti anatopa ndi kudina rimoti kuti adziwe yake ndi iti. Lero Demio yake ndi yachikasu, ndipo ana a kwawo amaizindikira ikadali patali n'kuthamangira kukatsegula geti. Munthu kufuna kuti chinthu chimene anachikhetsera thukuta chizioneka kuti ndi chake, ine sindikuonapo cholakwa.

Amene sakuseka nawo ndi owongola ndi kupopera galimoto, a ku Biwi ndi a ku Ndirande. Kwa iwo zonsezi ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akuti anthu akubisa dzimbiri ndi mabala a ngozi, akuti pepala silingalimbane ndi dzuwa la kuno. Mmisiri wina, ovololo yake ili ndi madontho a penti aliyense amene anapoperapo, anangoti: "Asiyeni amate, bwana. Adzabwera okha kuno likadzayamba kusenda." Za dzuwazo tibwererako, koma pa za kubisa akulakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake n'kowakomera iwo omwe. Pepalali silibisa kanthu. Limatsatira thupi la galimoto mmene lilili, moti kachibowo ka mwala, kamzere ka kiyi, pamene penti anayamba kukakamuka, zonse zimaonekera, ndipo pa pepala lonyezimira zimaoneka kuposa kale. Dzimbiri nalo limapitiriza kudya pansi pake. Tsiku lomatula ndiye pamakhala misozi: penti wa kufakitale amatsala ali bwinobwino, koma penti wopopera mothamanga, ndi pamene anamatapo filler, zimazukira limodzi ndi pepala. Mmisiri wa wrap wodziwa ntchito yake amayamba wabweza galimoto yotere kwa owongola, ndipo ikapoperedwa amati idikire pafupifupi mwezi, chifukwa penti watsopano amakhala akutulutsabe mpweya wa mankhwala ake umene umatukula pepala. Ena a ku Biwi azindikira kale zimenezi, ndipo akumatumizirana makasitomala ndi anyamata omatawo.

Pagulu sipalephera kukhala wodziwa mbiri. Ameneyo akuti zonsezi zinayambira kwa oyendetsa taxi a ku Germany, ndipo nkhani yake ili ndi mutu. Kuyambira 1971 lamulo la kumeneko linkafuna kuti taxi iliyonse ikhale ya mtundu umodzi, woyera motuwira chikasu. Vuto linali pogulitsa, chifukwa munthu wamba sankafuna kugula Mercedes imene aliyense angaidziwe kuti inali taxi. M'zaka za m'ma 1990 eni ake anayamba kugula galimoto yakuda kapena yasiliva, kuikuta ndi pepala la mtundu wa lamulowo, n'kudzalimatula pogulitsa. Wogula ankapeza penti amene sanaonepo dzuwa kapena miyala ya pamsewu. Anthu atamva zimenezi anagwedeza mitu, ndipo bambo wina wa taxi anati akadadziwa kale, Sienta yake sikadakhala mmene ilili lero.

Kunotu tinazionapo kale tisanadziwe dzina lake. Galimoto zofiira za Airtel ndi zobiriwira za TNM, malole a zakumwa okhala ndi botolo lalikulu m'mbali, zambiri mwa zimenezo ndi pepala losindikizidwa. Nthawi ya kampeni ndiye zinafika pachimake: zabuluu, zachikasu, zofiira, za tambala wakuda, nkhope za opikisana zili mwetumwetu pazitseko. Tauni ikuti chisankho cha pa 16 September 2025 chitangodutsa, anyamata omatula anagwira ntchito usiku wonse, ndipo pofika m'mawa galimoto zina zinali zitabwerera ku zoyera mbee, eni ake akuyenda mwakachetechete. A mpira nawo sakufuna kutsalira. Wina wa Bullets akufuna yofiira psuu kuti akaimike pa Kamuzu Stadium tsiku lokumana ndi Wanderers, koma akazi ake, amene kwawo konse ndi a Manoma, anena poyera kuti galimoto imeneyo sadzakwera. Pakadali pano agwirizana zokuta magalasi a m'mbali okha.

Ine mbali imene imandigwira mtima ndi ntchito yeniyeniyo, chifukwa ambiri amene akukamba sanaionepo. Tsiku loyamba pepala silikhudzidwa n'komwe. Galimoto imatsukidwa, zogwirira zitseko, nyali, zilembo za kumbuyo ndi magalasi a m'mbali zimachotsedwa, kenako mnyamata amayenda ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti m'ngodya iliyonse, pansi pa mphira wa mawindo, m'mphepete mwa matayala, kuchotsa mafuta ndi polishi. Mdani wamkulu ndi fumbi, ndipo fumbi la Lilongwe m'mwezi wa September mukulidziwa. Kamchenga kamodzi kakatsalira pansi pa pepala kamaoneka mpaka tsiku lomatula. Ndiye amatseka zitseko za galaja, kuwaza madzi pansi, ndipo amene wabwera kudzangoonerera amauzidwa kuti aime panja.

Poyala boneti pamafunika anthu awiri kapena atatu. Amagwira pepala m'ngodya, kulikoka mofanana mpaka makwinya atatha, n'kulitsitsa pang'onopang'ono. Kenako mmodzi amatenga kachipangizo kapulasitiki kokhala ndi nsalu yofewa kumlomo kwake, n'kuyamba kusalaza kuchokera pakati kupita m'mbali, mzere uliwonse ukupondako pang'ono pa unzake. Pakafika pokhota amayatsa heat gun, makina opemerera mpweya wotentha, ndipo umaona ndi maso pepala louma lija likufewa n'kulowa lokha m'mapindi a chitsulo. Akalikoka mopyola, mtundu umayera pamalopo ndipo chidutswa chonse chatayika. Podula, amisiri abwino safikitsa lumo pa penti. Amayamba amata kansalu kopyapyala kokhala ndi ulusi m'kati, pepala n'kubwera pamwamba, ndiye akakoka ulusiwo umadula pepala kuchokera pansi, mzere wake uli see. Pomaliza amabwereza kutenthetsa malo onse amene anakoka mpaka madigiri pafupifupi 90, chifukwa pepala lokokedwa limafuna kubwerera mmene linalili, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene kumalikhazika. Amene amadumpha gawo limeneli ndi amene galimoto zawo mumaziona zitatukuka m'mabampa. Bampa yakutsogolo yokha ikhoza kudya theka la tsiku, ndipo galimoto yonse imatenga masiku angapo, magetsi akapanda kuthima. Anyamata ambiri amene akuchita zimenezi anayambira kumata zikwangwani za masitolo, ena anaphunzira ku Johannesburg, ena pa YouTube, akuyeserera pa zitseko zakale mpaka dzanja litazolowera. Ndi luso lenileni, ndipo ndimafuna litakula.

Pa za mtengo ndi pamene tauni ikusokonezeka kwambiri. Wina akuti anauzidwa ndalama zoti akhoza kupopera nazo galimoto kawiri, mnzake akuti iye anauzidwa theka la zimenezo. Onse akunena zoona, chifukwa mapepala ake ndi amitundu iwiri. Lina amalipanga pothira pulasitiki wamadzi pa chinthu chosalala n'kumuumitsa, ndipo limeneli limatsatira makhotakhota a galimoto osafuna kubwerera. Lina amalipanga popsinja pulasitiki pakati pa zitsulo zozungulira, ndipo ndi lotchipa, labwino pa zikwangwani ndi pa mbali zosalala za lole, koma pa galimoto limafota n'kusiya mzere wa guluu m'mphepete umene umagwira fumbi. Mayina amene amisiri amatchula akafuna kukutsimikizirani ndi 3M ndi Avery Dennison a ku America, Oracal ya ku Germany ndi Hexis ya ku France. Zonsezi zimachokera kunja, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, pepala labwino silingatchipe. Ku Ulaya anthu amasankha wrap chifukwa mmisiri wopopera ndi wodula, koma kuno kawirikawiri zimatembenuka. Amene wakuuzani mtengo wotsika modabwitsa, m'pempheni akuonetseni mpukutu umene adzagwiritse ntchito ndi galimoto imene anamata chaka chatha.

Tibwerere kwa amisiri opopera aja ndi dzuwa lawo. Apa ali ndi mfundo. Zaka zimene opanga amalonjeza, zisanu kapena kuposerapo, amaziwerengera pa nyengo ya maiko ozizira ndiponso pa mbali zoimirira monga zitseko. Denga ndi boneti, zimene zimayang'ana kumwamba tsiku lonse, zimayamba kufwifwa msanga, ndipo kuno dzuwa lake ndi lina. Amene akuganiza zokuta galimoto ndi pepala lakuda n'kumakaimika pabwalo ku Ngabu kapena ku Nsanje mu October, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, aganize kawiri. Pepala limene lapsa n'kusiyidwa zaka limang'alukang'aluka, ndipo pomatula limachoka tizidutswatizidutswa. Kuthawira pamthunzi nakonso kuli ndi zake: maluwa a jakaranda, utomoni wa mango ndi zitosi za mbalame zikagonera pa pepala zimasiya banga.

Ndiye pali anyamata otsuka galimoto, amene nkhaniyi yawapezetsa mavuto. Iwo anazolowera sopo waufa, burashi ndi polishi, ndipo galimoto ikachoka ili waliwali amadziwa kuti bwana awonjezerapo kenakake. Wina akuti anaona galimoto yakuda yosanyezimira n'kuimvera chisoni, nati bwanayu penti wamuthera. Anatenga polishi n'kupukuta boneti ndi mtima wonse. Mwini wake pobwera anapeza chigamba chonyezimira pakati pa boneti, mnyamatayo atayima pambali akudikira kuyamikiridwa. Pepala losanyezimira silifuna polishi. Limafuna madzi, sopo wofewa ndi nsalu, ndipo paipi yamphamvu ija isalozedwe m'mphepete. Petulo akadonthera pothira mafuta apukutidwe nthawi yomweyo. Eni galimoto aziwauza anyamatawa zimenezi asanawapatse chidebe, chifukwa iwo sangalote.

Mphekesera yokoma kuposa zonse ndi ya pa Bwandilo. Akuti azibambo ena akukuta galimoto kuti akazi awo akamadutsa usiku asaizindikire, ndipo ena akuti akuthawa a katapila. Mayi wina atamva anangoseka: "Nambala yakenso amata? Ine nambala ya bambo a kunyumba ndimaidziwa kuposa tsiku limene anabadwa." Ndipo ngakhale osayang'ana nambala, ingotsegulani chitseko. M'kati mwa zitseko, pansi pa boneti ndi m'buti mumatsala mtundu wakale, chifukwa kukuta mpaka mmenemo ndi ntchito ina ya mtengo winanso.

Chimene si mphekesera ndi cha mapepala a galimoto. Mtundu umalembedwa mu blue book, ndipo wapolisi wa pa Zalewa akawerenga kuti yoyera pamene maso ake akuona yobiriwira, mafunso ake ndi oyenera, chifukwa akuba nawo amasintha mitundu. Kunena kuti "ndi sitika chabe, bwana" sikungakufupikitsireni nthawi pa rodibuloko. Njira yake ndi kupita ku Road Traffic kukasinthitsa zolembedwazo, ndi kudziwitsa a inshuwaransi, kuti tsiku la ngozi pasadzakhale kukangana kuti galimoto imene anailemba ndi iti. Achibale athu a ku Britain akuti kumeneko n'chimodzimodzi, amayenera kudziwitsa a DVLA kuti asinthe mtundu pa chikalata cha galimoto. Ogula galimoto kwa anzawo nawonso atsegule maso. Yokutidwa ikhoza kukhala ndi penti wokongola pansi pake, kapena zitseko za mitundu itatu zotoledwa ku Biwi. Funsani zithunzi za mmene inalili asanamate, ndipo yendetsani dzanja m'mbali mwake.

Zotsala za mipukutu sizikutayidwa. Akabaza akumagula tizidutswa n'kukuta matanki a njinga zawo, ndipo mayi wina anafunsa ngati zingatheke pa filiji yake imene inachita chikasu ndi ukalamba. Anamuuza kuti zitheka, bola ilibe dzimbiri.

Nkhani yomaliza ikuchokera ku komiti ina ya ukwati ku Area 25. Mtundu wa ukwatiwo ndi wapepo, ndipo mng'ono wake wa mkwati anabweretsa ganizo loti galimoto ya akwati ikutidwe yapepo kuti ifanane ndi madiresi a operekeza. Achinyamata anaomba m'manja. Atcheya anafunsa mtengo, ndipo utatchulidwa msungichuma anatseka kope lake n'kunena kuti ndalama imeneyo ndi ya nkhuku zonse ndi holo yomwe. Ankhoswe anafunsa ngati mwini galimotoyo, imene angoibwereka kwa abwana ake a mkwati, wauzidwa. Anali asanauzidwe. Anakambirana mpaka mdima, ndipo pomaliza anagwirizana zogula maliboni ndi mabaluni apepo monga mwa nthawi zonse, koma mng'ono uja analoledwa kukafunsa mtengo wa denga lokha, akabwere ndi yankho Lamlungu lotsatira.